A Jombo ndi Ngalande ya Kumsika

Mphekesera ili m'tauni muno ndi yakuti alamu anga, a Jombo, ndiwo anamiza msika. Akuti sabata ya mvula ija iwo anali kumowa, ngalande n'kutsekeka ndi zinyalala. Ine nditamva ndinaseka, chifukwa munthu ameneyu ngakhale tiyi amamwa mwamantha.

Zaka makumi awiri a Jombo akhala akulowa m'ngalande ya kuseri kwa msika, fosholo kumanja, kuvuula mapulasitiki, matewera, mwina galu wakufa. Mlongo wanga sawalola kulowa m'nyumba asanasambe kawiri. Jombo zimene zinawapatsa dzinali tinachita kuwavula ndife pa tsiku la ukwati wawo.

Chinachitika n'chakuti sabata imeneyo kunkabwera nduna kudzaona msewu. Kapitawo anasonkhanitsa onse a m'ngalande, n'kuwalanda mafosholo, n'kuwapatsa ndowa za laimu. Masiku atatu akupaka miyala ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu. Kawiri konse a Jombo anamuuza kapitawo kuti pakamlatho patsekeka ndipo kumwamba kwada. Anawayankha kuti nduna siyenda m'ngalande.

Nduna inadutsa Lachinayi, magalasi a galimoto ali otseka. Loweruka m'mawa madzi nawo anadutsa. Anakokolola mabenchi, makina a telala, ndi mayi wina wogulitsa tomato amene anabwerera kukatenga dengu lake.

Kenako akuluakulu anayamba kuponyerana pa wailesi. A boma akuti ndi khonsolo. A khonsolo akuti ndi omwe analipo kale. Kapitawo akuti za laimu sakuzikumbukira. Mlandu unatsika masitepe onse mpaka unapeza munthu wopanda womukankhira. Kalata inabwera yoti a Jombo ayambe aima ntchito. Ana a malemu mayi wa tomato uja, amene ankawatchula a Jombo kuti malume, akawaona amawolokera tsidya lina la msewu.

Ndinawauza a Jombo kuti akadandaule. Anandifunsa kuti kwa yani, poti wolandira madandaulo ndi kapitawo yemweyo. Anzawo a ndowa aja ali chete, nawonso ali ndi ana.

Dzulo ndinawapeza a Jombo pakhonde, manja ali m'khosi. Ndinati ndiwasekeseko pang'ono.

"Alamu, ndiye mowawo munkamwera kuti osandiitana?"

Sanaseke.

"Ndikanaledzera bwenzi zili bwino, alamu. Ndinali bwinobwino, ndikuiona mitambo, ndikupaka mwala."