Nkhono za pa Nazale

Nditangoyamba uphunzitsi pa sukulu ina kufupi ndi kwa Dzoole, ahedi anandiuza mosabisa kuti sayansi ya sitandade 7 si ya mtsikana wongotuluka kumene ku koleji. Anati mlangizi wa zamaphunziro abwera kudzaonerera phunziro langa, ndipo likapanda kumukhutiritsa, kalasiyo aipereka kwa aphunzitsi ena aamuna, ine ndipite kwa tiana ta sitandade 1. Zinandiwawa kwambiri, koma ndinangoti zikomo.

Phunziro lake linali la kapumidwe ka zamoyo, ndipo ine ndinasankha nkhono. Ana a m'kalasi mwanga ankakhulupirira kuti nkhono zonse ndi za m'madzi, zija zofalitsa likodzo, ndipo za pamtunda zimangokhala zasochera. Ndinafuna adzionere okha kuti nkhono ya pamtunda ili ndi kabowo kopumira mpweya ngati ife.

Vuto linali lakuti unali Okutobala. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo nkhono zonse zinali zitabisala. Ndinafukula zinyalala kuseri kwa chigafa cha fodya cha bambo anga aang'ono mpaka ndinapeza zingapo, zitadzitsekera m'zigoba ndi kachikopa koyera. Bambowo anaseka mpaka misozi, amvekere boma likulipira munthu kuti azitola mitembo.

Ine ndinakulira pa nazale ya fodya, ndipo ndinadziwa kuti chouma amachidzutsa ndi chinyezi, osati kuchimiza. M'mawa wa tsiku la phunzirolo ndinayala dothi m'beseni, kuikamo nkhonozo, kuphimba ndi udzu, n'kuthirira ndi kheni pang'onopang'ono monga tichitira ndi mbande.

Mlangizi anafika atavala suti, nakhala kumbuyo pamodzi ndi ahedi. Ndinavundukula udzu. Zigoba zinali zii, ngati miyala. Ndinayamba kufotokoza magulu a nkhono, kuti zina zimapuma m'madzi ngati nsomba, zina zili ndi phapo, ndipo ngakhale m'mphepete mwa nyanja zamchere muli tinkhono tating'ono ngati nyemba topuma mpweya. Ndinkalankhula koma maso ali pabeseni. Ana anayamba kunong'onezana. Ahedi anatsokomola, kutsokomola kwa munthu amene zake zayenda.

"Aphunzitsi, kodi zimenezi n'zamoyo?" anafunsa mlangizi uja.

"N'zamoyo, bwana. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha."

Sindidziwa kumene ndinakutenga kulimba mtima kumeneko.

Kenaka chigoba chimodzi chinagwedezeka. Mutu unatuluka, nyanga ziwiri zazitali zinatambasuka, timaso tili kunsonga. Ndinainyamula nkhonoyo n'kuipendeketsa, ndipo chakumanja, m'mphepete mwa chigoba, kabowo kanatseguka, kutseka, kutsegukanso. Ana anasiya mabenchi n'kundiunjirira, ulemu wonse wa mlendo ataiwala. Mlangizi anawakankha pang'ono kuti naye aone, mpaka anagwada pafumbi ndi suti yake ija. Anati wakhala akuziponda nkhono moyo wake wonse osadziwa kuti zimapuma mpweya, ndipo anandipempha ndimuonetsenso.

Belu linalira koma palibe anatuluka. Mtima wanga unali mbee ndi chimwemwe. Potsanzika, mlangizi anafunsa ahedi kuti sayansi ya sitandade 8 amaphunzitsa ndani. Ahedi anayang'ana pansi, kenaka anayang'ana ine.

"Chaka chamawa, ndi awa," anatero.