Tsiku limene ndinayeza makope pa sikelo ya tiyi

Tsiku limenelo tinalipo ine, mwana wanga wachitatu amene ndi mphunzitsi wa Sitandade 4, ahedi a pasukulupo, mayi wina woyendera masukulu amene anabwera pa njinga yamoto, ndi ana a m'kalasimo, odzaza mpaka pakhomo, ambiri mwa iwo ana a anthu otchola tiyi. Mayi a kunyumba panalibe. Anakana kundiperekeza, akuti sangapite kukaonera manyazi ndi maso awo. Ndiye zimene amakamba kuchigayo za tsikuli musazimvere, nzongomva.

Ine ndinagwira ukapitawo pa esiteti mpaka tsitsi kuyera. Ndikakuwa kumunda wa kumtunda, a kufakitale ankayamba aimitsa nkhani zawo. Sukulu ndinalekeza msanga, mawu ataliatali amandivuta, koma pa manambala a pasikelo palibe kalaliki amene anandinamizapo. Mwana wangayu ndiye sanatengere ine. Amayankhula ngati akupempha mchere kwa apongozi.

Lamulungu lina anabwera kunyumba nkukhala pakhonde, chinangwa chimene amayi ake anamuphikira osachikhudza.

"Ababa, uphunzitsi ndikusiya," anatero. "Kalata ndalemba kale. Ndipita ku Limbe, mnzanga akuti ndizikamugulitsira mafoni."

Ndinati, "Wakumenya ndani?"

"Palibe. Mayi oyendera masukulu atabwera teremu yatha analemba kuti sindidzidalira, ana akumbuyo sandimva. Akubweranso Lachitatu. Akangochoka, kalatayo ndipereka kwa ahedi. Ndimayankhula tsiku lonse, Ababa, koma poweruka sindidziwa ngati chilipo chimene chalowa m'mutu mwa mwana ngakhale mmodzi."

Ine ku Khonjeni amanditchula kuti bambo a aphunzitsi. Pamaliro amandipatsa mpando wotsamira. Ndiyambe lero kukhala bambo a wogulitsa mafoni? Komanso matenda ake ndinawaona pomwepo, matenda osavuta. Wotchola tiyi, kaya mvula imunyowetse, kaya msana uthyoke, akafika pasikelo amaona muvi ukusuntha, amamva kalaliki akuitana makilo ake, nkupita kwawo mtima uli m'malo. Nanga mphunzitsi makilo ake amawaonera pati? Boma linawapatsa choko, bolodi, mabuku, koma linaiwala sikelo. Ndinadabwa kuti anthu ophunzira onsewa palibe anaganizapo zimenezi.

Lachitatu ndinalawira. Ndinanyamula dengu lotcholera tiyi ndi sikelo yopachika imene anandipatsa ngati mphatso popuma ntchito. Ahedi atandiona anaganiza kuti ndabwera za komiti ya makolo, anangondipatsa moni nkulowa mu ofesi. Mwana wanga anali kokatenga choko. Ndinalowa m'kalasi mwake, phokoso ngati msika wa Loweruka.

"Khalani pansi!"

Zii. Mpaka a Sitandade 5 kuseri kwa khoma anakhala pansi, ndinachita kumva.

Ndinakwera pa tebulo, kupachika sikelo pa mtanda wa denga, kukoleka dengu. Ndinati aliyense aponyemo kope lake la masamu, pamzere, osakankhana. Muvi unaima pa makilo asanu ndi limodzi. Ndinalemba 6 pabolodi, wamkulu ngati mwana wa mbuzi.

Ndinati, "Mvetserani kuno. Awa ndi makope asanalowe nzeru. Tengani, mulembe zonse zimene aphunzitsi anu akuuzeni. Pa buleki mubwezemo m'dengumu, tiyezanso. Muvi ukakwera, ndiye kuti aphunzitsi anu ndi mphunzitsi. Ukapanda kukwera, akusiya ntchito, akupita ku Limbe, simudzawaonanso."

Kalasi yonse inangoti kukamwa yasa. Ine sindinkadziwa kuti nkhani ya kalata inali yachinsinsi. Munthu sanandiuze.

Mwana wanga analowa ine ndikutsika pa tebulo. Anayang'ana dengu, kuyang'ana ine, choko nkugwa.

"Ababa, mukutani kuno?" Ananong'ona.

"Ndikukuthandizani, aphunzitsi. Phunzitsani, ine ndili pansi pa mtengo."

Ndinakakhaladi pansi pa mtengo wa bulugamu. Nthawi ya buleki ndinaona ana akuthamangira kumjigo, ena kuseri kwa zimbudzi, akubwerera manja ali m'malaya. Ndinati eya, ana akhama awa.

Belu litalira, njinga yamoto inafika. Mayi uja anavula chisoti, nkulowa m'kalasi ndi ahedi. Ine pambuyo pawo. Ahedi anafunsa kuti dengulo nlachiyani, ine ndinati dikirani muone. Ndinakoleka dengu pa mbedza, lolemera ndithu, mpaka mtanda kulira. Muvi unazungulira nkukaima pa makilo khumi ndi anayi.

"Fotini!" ndinakuwa. "Mayi, lembani! M'mawa anali sikisi. Makilo eyiti a nzeru buleki isanakwane! Mphunzitsi wina ndani m'Thyolo muno anatcholapo zimenezi?"

Ana anawomba m'manja, ena kuimba nthungululu. Mayi uja anatsegula kabuku kake koma sanalembe, anangoyang'ana pansi pa dengu. Nanenso ndinayang'ana. Madzi. Tho, tho, tho, pa simenti.

Apa ukapitawo unandibwerera wonse. Zaka zonse zija ndinkalimbana ndi anthu onyowetsa masamba kuti alemere, ndi obisa miyala pansi pa dengu. Ndinakhuthula dengu pa tebulo. Makope onyowa chonchi, inki itasungunuka. Miyala. Zidutswa za njerwa. Mbatata yaiwisi. Patapata mmodzi. Wina anaikamo mpaka chitsulo cha pedulo ya njinga.

"Akuba inu! Ana a makolo awo!" Ndinatukwana pang'ono mu Chilomwe, ana onse anamva, mayi uja yekha ndiye anapulumuka. "Madzi ndikudula makilo atatu! Miyala ndikudula anayi! Mbatata iyi ndi ya ndani?"

"Ababa! Khalani pansi!"

Ndinatembenuka kufuna kuona kuti walowa ndani. Panalibe walowa. Anali mwana wanga. Mawu amenewo anali ndi ine m'kati mwake, mawindo ananjenjemera. Ndipo ine, munthu amene mamanejala ankandiyankhula mosamala, ndinapezeka ndakhala pa simenti pakati pa tiana tiwiri, mawondo ali kukhosi.

Iye anatola mwala umodzi. "Waika ichi ndani?"

Mtsikana wina wa kumbuyo kwenikweni, kumene akuti sikufika mawu, anaimirira.

"Ndine, sala."

"Chifukwa?"

"Agogowa anati sikelo ikapanda kukwera mupita ku Limbe. Ndiye tinagwirizana."

"Munagwirizana ndani ndi ndani?"

Manja anakwera. Onse. Wa patapata uja anakweza awiri, ali chiimire ndi phazi limodzi lopanda kanthu.

Mwana wanga anaika mwala uja pa tebulo. Ahedi anayang'ana kudenga, poti nkhani ya Limbe anali kuimva koyamba. Ine ndinafuna kuyankhulapo koma kamnyamata ka pambali panga kanandigwira bondo nkuti, "Agogo, m'kalasi timayamba takweza mkono."

Kenako mwana wanga anapita pabolodi. Pansi pa 6 wanga analemba 14.

"Chabwino. Poti mwabweretsa miyala, tiigwiritsa ntchito. Dengu linalemera 14. Tikachotsa makope ouma aja a 6, zimene mwaba inu ndi zingati?"

Ana anaphulika. Uyu eyiti, uyu seveni, wina twente. Anawaitana mmodzimmodzi kudzakoleka miyala payokha, njerwa pazokha, mbatata payokha, aliyense kuwerenga muvi yekha nkukalemba pabolodi. Zitasonkhanitsidwa zinakwana makilo asanu ndi limodzi. Anafunsa kuti awiri otsalawo apita kuti, mtsikana uja nkukuwa kuti ali m'madzi a kumjigo. Ana akumbuyo anachita kukwera pa anzawo kuti aone. Mayi uja tsopano ankalemba, tsamba kutha, kutembenuza.

Ine ndinakweza mkono, monga mwa lamulo.

"Eya, Ababa?"

"Nanga inki? Inki imene alemba m'mawa muno yalemera bwanji?"

"Ana inu, ayankheni agogo."

Anandiyankha ana makumi angapo nthawi imodzi, kuti inki silemera pa sikelo ya tiyi. Ine mpaka lero ndimakana. Chinthu chimene umagula m'botolo chingalephere bwanji kulemera? Sikeloyo ndi yakale basi, inafunika mafuta.

Potuluka, mayi uja anandigwira chanza. Anafunsa ngati njira imeneyi tinaikonza limodzi ndi aphunzitsi. Ndinati ayi mayi, ndi ya ine ndekha, ndipo ngati boma likuifuna libwere kunyumba tidzakambirane. Anaseka mpaka chisoti kumugwa m'manja. Anthu ophunzira akamva mfundo yowaposa amaseka.

Makope anawayanika pa kapinga, bwalo lonse mbuu ngati tsiku lochapa. Makolo ena anadandaula, ndinamva, koma palibe anabwera kudzandiuza pamaso.

Ataweruka tinatsika limodzi njira ya m'minda ya tiyi, ine kutsogolo ndi dengu, iye pambuyo. Sikelo anakana kundipatsa, akuti mawa akuphunzitsa kuphatikiza. Tinayenda mpaka pamlatho osayankhulana. Ndinati mwina akufuna mawu abwino ondithokozera, ndisamufulumize. Pamlathopo anaima, natulutsa kalata ija m'thumba la malaya, kuiyang'ana, kuipindanso bwinobwino nkuibwezera momwemo.

"Ababa, kalatayi sindipereka. Koma sinding'ambanso. Tsiku limene mudzapondenso pasukulu paja, kaya ndi dengu kaya chimanjamanja, ndidzaipereka kwa ahedi inu muli pomwepo."