Mmene Luckson Anaphera a Janeti

Luckson wa pa Limbuli ankakonza njinga, koma mtima wake unali pa kanema. Ndi foni yong'aluka galasi anayamba kujambula sewero la a Janeti, mayi wothyola tiyi wosaopa munthu, wokalipira akapitawo m'Chilomwe mosaphethira. Ankasewera a Janetiwo anali azakhali ake, a Esteri, amene anathyoladi tiyi zaka makumi atatu.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, amayi a ku esiteti ankadzaza kashedi kake ka njinga kudzaonera sewerolo. Magawo khumi ndi awiri, osaphonya ndi limodzi lomwe. Ankayankhizana nayo kanemayo ngati munthu, ena akupukuta misozi ndi chitenje. Kunena zoona, zithunzi zinali zogwedera, mawu ngati olankhulira m'chidebe, koma ndani ankasamala?

Kenaka kunabwera Vincent, mnzake wa ku Blantyre woika makanema pa intaneti.

"Aise, dziko lonse likhoza kukuonera," anatero Vincent. "Koma gogoyu achoke. Achinyamata za tiyi alibe nazo ntchito, Chilomwenso sakumva. Ika mtsikana wa m'tauni."

Luckson anavutika nazo mumtima sabata yathunthu. Koma kutchuka ankakufuna, tisabise. M'gawo lotsatira a Janeti anadwala mwadzidzidzi n'kumwalira, mdzukulu wawo wovala wigi n'kutenga malo. Pa intaneti anaonera anthu zikwizikwi. M'kashedi muja munangoti zii.

M'mawa mwake Luckson anapeza amayi aja atakhala pansi pabwalo pake, mipango kumutu, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina ndi kambale ka ufa, monga achitira pamaliro. A Esteri, amoyo ndithu, anali pakati pawo, maso pansi.

"Amayi, pajatu ndi sewero chabe," anatero Luckson. "Azakhali si awa?"

A Stella, wamkulu pa onsewo, ndiwo anayankha.

"Tikudziwa, mwanangu, sitinapenge. Koma chibadwire ife sitinaonepo munthu wonga ife pa kanema. Anali yekhayo. Ndiye tati asapite ngati wopanda abale."

Anayimba nyimbo imodzi ya maliro m'Chilomwe, n'kunyamuka. Luckson anagwidwa ndi manyazi ndi chisoni chimene sanachimvepo. Anawatsatira mpaka kumsewu, akulonjeza kuti m'gawo lina apeza njira yowabwezera a Janeti.

"Ayi," anatero a Stella osatembenuka. "Ife munthu timamuika kamodzi."