Kanyali Kophethira pa Msewu wa Katowo

A Amock Luhanga anayamba kugwira chiwongolero adakali mnyamata. Anayendetsapo thirakitala pa esiteti ya fodya, kenako lole, kenako galimoto ya mishoni yokwera ndi kutsika phiri la Khondowe. Esiteti inatsekedwa, lole inagulitsidwa, amishoni analemba wachinyamata. Yawoyawo sanakhalepo nayo. Pamene ndevu zinkayera, anatsala ndi kagalimoto koyera kochokera ku Japan, ka a Chimbalanga, kalaliki wa kwawo ku Mulanje wogwira ntchito pa boma. Ankanyamulira anthu pakati pa Rumphi ndi Katowo, ndipo ankadziwa kuti aka kakawachoka m'manja, palibenso wina adzawapatse makiyi.

Kanyali kachikasu ka injini kanali koyaka chifikireni galimotoyo. Palibe amene ankakalabadira. Madalaivala a pa siteji ankaseka kuti galimoto yopanda kanyaliko ndiye yodwala.

Kenako chinafika chaka chija mafuta anasowa. Mapampu anauma, petulo n'kusamukira m'zigubu, kuseri kwa magolosale. Wogulitsa aliyense ankalumbira kuti wake ndi wosasakaniza. A Luhanga ankanunkhiza n'kuthira.

Masana ena, atangodutsa Bolero, kanyali kaja kanayamba kuphethira pa chitunda. Galimoto inanjenjemera ngati munthu wa malungo, mphamvu n'kuithera.

"Adada, tikafika koma?" anafunsa mayi wina amene anafukata nkhuku kumbuyo.

"Tikafika, mama. Nkhukuyo isakhale pa changu."

M'mawa mwake anaikwawitsa mpaka kwa Manasseh, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa pa boma.

"Monire, adada! Nkhalamba ziwiri zabwera pamodzi. Yodwala ndi iti?"

"Yewo. Yamatayalayi. Ikutsimphina."

Manasseh anatsegula boneti injini ikulira, nayamba kuzula mawaya a makoyilo limodzilimodzi. Atazula loyamba injini inafuna kuzima. Lachiwiri chimodzimodzi. Atazula lachitatu sipanasinthe kanthu.

"Ndi uyu. Akudya osagwira ntchito, ngati mlamu wanga."

Anamasula pulagi ya pamenepo. Inali yakuda bii, yonyowa. Anainunkhiza, naifikitsa pa mphuno ya a Luhanga.

"Palafini, adada. Injini mwaisandutsa koloboyi."

Anaika mapulagi ena, ndi koyilo yochotsa ku galimoto ina yakufa. Injini inayamba kulira bwino, kanyali kanaleka kuphethira. A Luhanga anapuma mozama, koma Manasseh sanamwetulire.

"Kakangoyaka, galimoto ikudandaula chabe. Kakaphethira, ikufa. Mafuta osapsa amatsikira ku ekizozi n'kukasungunula za m'kati, kenako injini imatsamwa. Mukathiranso wa m'zigubu, mubwera muno mwezi usanathe, ndipo tsiku lina ndidzalephera. Muzithira wa pa pampu yekha."

"Pampu iti, mwana wanga?"

Manasseh anapukuta manja ndi sanza, nayang'ana kumsewu.

Anzawo a pa siteji anawalangiza kuti angokhala chete. Mwini galimoto amakhala mu ofesi, dashibodi saiona. Ayende nayo mpaka pamene idzagwere, mwina mafuta adzakhala atabwera. A Luhanga anamvetsera onse. Koma pa moyo wawo wonse anali asanaphepo galimoto ya munthu, ndipo Loweruka anakaimika kagalimotoko pakhomo pa a Chimbalanga.

"Bwana, iime kaye mpaka mafuta abwino abwere."

"Abwera liti, madala?"

"Sindikudziwa."

"Nanenso sindikudziwa. Ndiye ana angawa azidya kanyali?"

"Ikapitiriza, ifa."

"Anzanu onse akuyenda, akuthira omwewo." A Chimbalanga anawayang'ana nthawi yaitali, osakwiya. "Mwina wotopa ndinu, madala, osati galimoto. Kapumeni."

Anatambasula dzanja. A Luhanga anaika makiyi m'menemo ndi manja awiri, nathokoza chomene, monga analeredwera.

Makiyiwo anapita kwa Mthunzi, mlongo wake wa mayi a pakhomopo. Kanyali katayambanso kuphethira, Mthunzi anapeza womasula dashibodi n'kuchotsa babu. Galimoto inayenda nyengo yonse yogulitsa fodya, ikununkha ngati mazira owola. Mvula isanagwe inazima pafupi ndi Bolero, ndipo anaikoka ndi chingwe.

Pamene petulo anabwereranso m'mapampu, a Chimbalanga anali atasamutsidwira ku Nsanje. Kagalimoto kanatsala kwa Manasseh, pa njerwa. Anayamba kuchoka ndi matayala, kenako zitseko, kenako mipando.

A Luhanga anabwerera kumudzi kwawo kufupi ndi Katowo, kukagwira khasu ndi manja osalizolowera. Anthu amawaitanabe kuti adalaivala, iwo n'kuvomera. Laisensi inatha, sanapite kukaikonzetsa. Akakhala ndi ulendo wa pa boma, amakwera kumbuyo kwa matola pamodzi ndi matumba a chimanga. Achinyamata amafuna kuwapatsa malo kutsogolo, pafupi ndi woyendetsa, koma iwo amakana. Amakhala chofulatira dashibodi, atagwira chitsulo, kuyang'ana fumbi.