Nazigamba ndi Makoma a Eni

Ankamutchula Nazigamba, ndipo iye sankadandaula nalo dzinalo. Analitengera kuntchito, m'shedi ya bambo wina wosoka masofa, kumene ankasesa, kudula siponji ndi kugwirizira nsalu abwanawo akamakhoma. Anzake akamaweruka manja ali m'matumba, iye ankatuluka ndi kajumbo ka tizidutswa ta nsalu, tija tosakwana ngakhale kusokera mwana kabudula. Abwana ankangoseka. "Tengani mayi, mwatichepetsera zinyalala."

Mwamuna wake anamwalira mwana wawo wamkazi asanayambe sukulu. Achibale a malemuyo anabwera kudzalira maliro, nabwerera ndi mipando. Nazigamba anatsala ndi mphasa, ndowa ndi mwanayo, ndipo anapeza kachipinda ka lendi kumapeto kwa mdadada, koyandikana ndi bafa la anthu onse. Khoma la mbali ya bafayo linkatuluka thukuta chaka chonse, lili biriwiri ndi ndere. Anakhalamo choncho zaka zingapo osaliyang'ana n'komwe.

Anamudzutsa ndi mwanayo. Tsiku lina anabwera ndi mnzake wa kusukulu kudzatenga buku. Mnzakeyo anaima pakhomo, nasuzumira, nagwira mphuno ndi tizala tiwiri poganiza kuti palibe akumuona. Madzulo ake mwanayo anakana kudya.

"Amayi, n'chifukwa chiyani kwathu kumanunkha?"

Nazigamba anatembenuka, nayang'ana khoma lija. Loweruka lake anabwereka chikwanje chobuntha, napala khoma lonse mpaka njerwa zinaonekera. Anapempha simenti yotsalira m'matumba kwa amisiri omwe ankamanga mpanda tsidya la msewu, namata ming'alu ndi manja ake, zala mpaka kusupuka. Laimu anamusakaniza ndi buluu wochapira zovala, chipinda n'kuwala ngati m'mawa wopanda mitambo. Tizidutswa tija anatilumikiza ndi singano yapamanja, tofiirira kumunsi, towala kumtunda, mpaka tinasanduka katani yotchinga pogona. Makatoni amatabwa otayidwa kumsika anawapala ndi galasi losweka, nawakhoma pakhoma kuti azisanjapo mbale. Tayala lakale analiika siponji ndi kulikuta nsalu, likhala mpando. Pansi ankapakapo makandulo osungunula ndi palafini, n'kupukuta chogwada mpaka kudziona nkhope.

Anali ndi malamulo ake, ndipo ankawauza aliyense womufunsa. "Nyumba yaing'ono sifuna katundu, ifuna mpata. Chinthu chimodzi chokongola chikwana, zinazo zibisale. Ndipo zenera musalitseke, ndiye diso la nyumba limenelo."

Amayi apamdadada ankabwera kudzapempha mchere womwe anali nawo kale, kuti angoona. "Vulani nsapato anzanga," ankanyogodola wogulitsa makala wa chipinda chachitatu, "mwalowa m'hotela muno." Mwana uja anayamba kubweretsa anzake. Zaka zimenezo Nazigamba ananenepako pang'ono.

Kenaka tsiku lina mayi eninyumba analowa kudzaona za waya wa magetsi. Anaima pakati pa chipinda, nazungulira pang'onopang'ono, waya uja n'kumuiwala. Mwezi usanathe anabweranso, ulendo uno ndi nkhope yachisoni.

"Pepani mayi, mwana wanga wamwamuna akukwatira. Ndilibe pena pomuika."

"Koma si pali chipinda chapakati chija, chopanda munthu?"

"Iyayi, chimenecho n'chosakonza. Mkazi wake sangalole."

Tsiku losamuka Nazigamba anatenga hamala kuti azule mashelefu ake. Eninyumba anamugwira dzanja. "Chokhomedwa pakhoma n'cha nyumba, mayi. Mukazula mundibowolera khoma." Anakangana mpaka anthu kudzadza pakhonde, koma palibe anamuikira kumbuyo, poti onsewo ankagona m'nyumba za mayi omwewo. Anachoka ndi katani, tayala ndi ndowa. Simenti ndi laimu sizisenzeka.

Chipinda chachiwiri chinali kuseri kwa chigayo, chakuda ndi mwaye, chitseko chake cholendewera. Anachikonza. Mwini wake atachiona anati nyumba yotere singakhale pa mtengo wakale, nakweza lendi kufika pomwe Nazigamba sakanatha. Analowamo mphunzitsi wina. Chachitatu chinapita kwa mlamu wa mwininyumba. Nthawi zonse iye ankati ndi tsoka chabe, mpaka tsiku limene bambo wina wamimba yaikulu anamuimitsa pamsewu, akumwetulira ngati akumupatsa mphatso.

"Si inu a Nazigamba? Mbiri yanu ndaimva. Ndili ndi kachipinda kongofuna manja anu. Anzanga onse akuti mukakhalamo inu chaka chimodzi, nyumba imasanduka ina."

Anapita kunyumba nakafotokoza zonse. Mwana wake, amene tsopano anali namwali wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, anamva nkhaniyo naseka kuseka kowawa.

"Ndiye mwadziwa lero, amayi? Ndinu mmisiri wawo waulere. Mumawakonzera nyumba, n'kuwalipiranso. Kumene tikupitaku musakhudze kanthu. Kukhale konyansa, tikhalitseko."

Anamvera. Analowa m'chipinda chachinayi, nasiya makoma momwe anawapezera, ndi madontho a nsikidzi zophedwa ndi anthu akale, ndi manambala a foni olembedwa ndi makala pafupi ndi chitseko. Katani inakhala m'thumba. Koma munthuyo anasintha. Ankakalipa popanda chifukwa, ankadyera panja, ndipo akalowa ankakhala chozolika ngati wabwera kudzapepesa maliro. Mvula isanathe analephera kupirira. Anayamba ndi ngodya ya kuseri kwa chitseko, yosaoneka munthu akaima pakhomo. Kenaka khoma lonse la mbali imeneyo. Kenaka chipinda chonse.

Ulendo uno anachenjera, kapena ankayesa kuchenjera. Kunja anakusiya kwauve dala, chitseko chosapaka, pakhonde pali zitini. Zenera, diso la nyumba lija, analiphimba ndi katoni. Alendo ankawalandirira panja, ndipo mwininyumba akabwera ankakumana naye pamsewu. Anthu anayamba kunong'ona kuti mayi ameneyu akuweta chinthu m'nyumbamo, ana n'kumathawa akamuona. Iye analibe nazo ntchito. Anakhalamo zaka zambiri osasamutsidwa, m'chipinda chokongola kuposa zonse zimene anakonzapo, chimene palibe anachiona kupatula iye ndi mwana wake. Mwanayo atakwatiwa, anatsala wochiona mmodzi.

Maso anayamba kuchita chifunga. Ena ankati ndi kusoka mumdima, adokotala anati ndi shuga. Anabisa kuntchito kwa nthawi ndithu, akumayeza siponji ndi zikhatho, mpaka tsiku limene anadula mokhota nsalu yodula ya kasitomala. Abwana, amene nawonso anali atachita imvi, sanakalipe. Anangomuperekeza mpaka pageti.

"Mwagwira ntchito, mayi. Kapumeni."

Mwana wake anabwera ndi galimoto ya mwamuna wake kudzamutenga. Mwininyumba atalowa kudzalandira kiyi anangoti kukamwa yasa. "Mayi inu! Zaka zonsezi mumandibisira zimenezi?" Mawa lake lomwe anaitana mphwake kuti adzaone.

Nyumba ya mwanayo inali yaikulu, ya matailosi ozizira ndi masofa ogula kusitolo. Mkamwini anali munthu waulemu, wolankhula motsitsa. Anawalandira bwino apongozi ake, nawapatsa chipinda chawochawo, napempha chinthu chimodzi chokha.

"Amayi, chonde, misomali ayi. Penti ameneyu tangopaka kumene."

Thumba la zigamba silinalowe n'komwe. Mwana wake analinunkhiza, nati libweretsa mphemvu, nalipereka kwa otola zinyalala. Nazigamba anamva mawilo a ngolo yawo akulira pamsewu, koma sanatuluke kukalilanditsa, poti anali mlendo.

Masiku oyamba ankayesa kuthandiza. Ankapapasa mpaka pabalaza, n'kusuntha katebulo kuti kachoke panjira ya kuwala kumene ankakumva pankhope, n'kuchotsa timapilo tochuluka pasofa. Wantchito ankabwera pambuyo pake, n'kubwezera chilichonse pamalo pake mwakachetechete. Tsiku lina anagwetsa mtsuko wa maluwa apulasitiki, nusweka. Palibe anamudzudzula, koma kuyambira pamenepo chakudya chinkamupeza kuchipinda.

Anakhala m'menemo zaka ziwiri zomaliza, pabedi labwino, manja ali pamiyendo, zala zikuyendayenda zokha ngati zikufuna singano. Masana ena mwana wake atabwera ndi mankhwala, Nazigamba anatambasula dzanja nakhudza khoma. Linali losalala, louma, lopanda mng'alu ngakhale umodzi.

"Mwanawe, khomali ndi la mtundu wanji?"

"Loyera, amayi."

"Lonse?"

"Lonse. Imwani mankhwala, ndachedwa kuntchito."

Anamwa, nabweza kapu. Anamwalira dzinja lotsatira, ndipo sabata ya maliro itatha mkamwini anaika m'chipinda chija makatoni a mabuku ndi njinga ya mwana yothyoka unyolo, natseka chitseko.