Makina a NyaShaba Ofuna Moni

Kezia Shaba, amene anthu a pa Mzimba boma amamudziwa kuti NyaShaba, anabadwira kufupi ndi Manyamula, m'banja la alimi a chimanga. Bambo ake anali ndi ng'ombe zapangolo, ndipo m'mawa uliwonse Kezia ndiye ankagwira chingwe iwo akamamanga goli. Sitandade 8 anakhoza, koma malo ku sekondale sanapezeke. Anaphunzira kutaipa kwa mayi wina wa ku mishoni, ndipo zala zakezo zinamupezera ntchito pa boma, mu kaofesi koyesa mbewu za chimanga m'minda ya alimi, kuyambira ku Euthini mpaka ku Jenda. Ndi malipiro amenewo ankaphunzitsa ana ake awiri, popeza mwamuna wake anapita ku Joni osabwerera.

Mu 1991 kompyuta inafika pa Landirova itakulungidwa m'bulangete. Ena masiku ano amati Kezia anaidziwa tsiku lomwelo. Limenelo ndi bodza. Sabata yoyamba ankaipukuta fumbi ataima chapatali, ngati munthu wodyetsa ng'ombe yogunda.

Amene anaibweretsa anali bambo wina wa ku likulu ku Lilongwe, dzina lake Bennet. Iye anafotokoza kuti pulogalamu yowerengera zokolola izisintha nyengo iliyonse. Ku likulu azitumiza zosinthazo, Kezia azizitaipa, kenako aziitana pulogalamu ina yotchedwa kompaila. Imeneyi ili ngati chigayo: imalandira zolemba za munthu n'kuzigaya mpaka zitakhala zoti makina angamve. Koma kompaila sinkabwera yokha. Ukayatsa makina, pagalasi lakuda pankangooneka chilembo C ndi kamzere kophethira. Unkayenera kuyamba wawauza njira yopita kumene kompaila ikukhala, pa mzere woyamba ndi mawu akuti PATH, kenako kumene kuli zida zake, pa mizere yoyamba ndi SET. Ukazimitsa, zonsezo makina ankaiwala.

Bennet atapita, taipi yakale imene Kezia ankagwiritsa ntchito anaipereka kwa mtsikana wina, Rute, ndipo Kezia anatsala ndi kompyuta basi.

Mkulu wa ofesiyo anali a Justus Tembo, mkulu wa mpingo, munthu wosaseka nthawi ya ntchito. Iwo analamula kuti Kezia akamataipa mizere ija aliyense azikhala chete, poti chilembo chimodzi chikalakwika kompaila inkakana. Anthu anayamba kuitcha nthawiyo mapemphero a m'mawa. Mvula itayamba, magetsi ankathima kawirikawiri, ndipo mapempherowo ankabwerezedwa mpaka madzulo. Wofuna kutsokomola ankatuluka panja.

Kezia zinamutopetsa. Anakumbukira kuti bambo ake sankafunafuna zida m'mawa. Goli, zikeyi ndi zingwe ankazikoleka pakhomo pa khola madzulo, chilichonse pamalo pake. Anaganiza kuti makina odula chotere sangalephere nzeru ya mlimi wa ku Manyamula. Anapempha foni ya ku Lilongwe, nadikira theka la tsiku, ndipo Bennet, akufuula pakati pa phokoso la pawaya, anamuuza kuti muli fayilo yotchedwa AUTOEXEC.BAT imene makina amawerenga okha akangodzuka. Alembe mizere yakeyo momwemo. Kezia anangoti yewo chomene, foni n'kuduka.

Ulendo woyamba analakwitsa njira, kompaila osapezeka. Wachiwiri zinatheka. Anazimitsa, nayatsa, naitana kompaila, ndipo inabwera pomwepo. Mapemphero anathera pamenepo, ndipo Rute anaimba nthungululu mpaka a Tembo anamuyang'ana ndi diso lofiira.

Koma a Tembo sanakondwe kwenikweni. Anaima kumbuyo kwa Kezia m'mawa mwake akuona makina akudzikonzekeretsa okha, napukusa mutu.

"Ndi mwana wa ndani ameneyu, wolowa m'nyumba n'kuyamba ntchito osapereka moni?"

Kezia anaseka, koma iwo sankaseka. Choncho pamwamba penipeni pa fayilo ija Kezia anaonjezera mzere woti makina azilemba kuti "Mwawuka uli?", ndi mzere wina, PAUSE, woti aziima mpaka munthu atadina batani lililonse. Mzere umenewu unkatulutsa mawu achizungu olamula munthu kudina. A Tembo anati wopereka moni salamula mnzake kuti ayankhe, umenewo ndi mwano. Kezia anafufuza m'buku la makinawo napeza njira yobisira mawuwo. Kuyambira pamenepo a Tembo ankafika m'mawa, n'kuvula chipewa, n'kunena kuti "Tawuka makora, kwali imwe," n'kudina batani lalitali la m'munsi ndi chala chimodzi. Alimi obwera kudzatenga mbewu ankasuzumira pawindo kuti aone makina aulemu.

Chaka chotsatira kunabwera uthenga wosakoma. Makompyuta anali ochepa, ndipo ku likulu anaganiza zoyendera maofesi onse. Pamene pakapezeke kuti makina sakuyenda bwino, kapena wowagwiritsa ntchito sakutha kuyendetsa kompaila, makinawo awanyamula kupita nawo ku Mzuzu. Kezia anadziwa tanthauzo lake. Taipi inali kale ya Rute. Makina akapita, iye abwerera ku Manyamula ndi ana ake, sukulu ya pa boma n'kuisiya.

Dzulo lake la tsiku loyenderalo a Tembo anakumbukira kuti moni uja unali m'Chitumbuka. Masiku amenewo munthu ankasamala chilankhulo chimene walemba mu ofesi. Anauza Kezia kuti ausinthe, ndipo iye anausintha kukhala wa m'Chichewa. Zoti achotse kudikira kuja palibe amene anaziganizira, poti kwa iwo kunali ngati kugogoda pakhomo.

Woyenderayo anali a Lyson Mbewe a ku likulu, bambo wonenepa wa magalasi, atatopa ndi msewu wafumbi. Ananena kuti m'maofesi ena anthu ankabisa zolakwika powathandiza, choncho ayatsa okha, ndipo wina asakhudze kapena kulankhula. Anakhala pampando wa Kezia nayatsa. Makina analira pang'ono, nalemba kuti "Mwadzuka bwanji, bwana?", n'kungoti duu.

A Mbewe anamwetulira, napinda manja, kudikira chilembo C, monga ankachitira kulikonse. Sichinabwere. Anthu onse mu ofesimo ankadziwa chimene chinkafunika, koma anali atawaletsa kulankhula, komanso kuno munthu sayankhira mnzake moni, makamaka mlendo wamkulu. A Tembo ankangoyang'ana kudenga. A Mbewe anazimitsa, nayatsanso. Moni womwewo, chete yemweyo. Atayesa kachitatu ananena kuti makinawa akuima panjira, ndipo anatuma dalaivala wawo kuti akatenge bulangete m'galimoto.

Kezia anaona bulangetelo likulowa pakhomo, lomwe lija makina anabwereramo. Anayang'ana a Tembo, koma maso awo anali adakali kudenga. Apo anapinda bondo, naomba m'manja pang'onopang'ono.

"Pepani bwana, ndapota. Makinawa sanafe ayi. Akupatsani moni, ndiye akudikira kuti muyankhe."

"Ndiyankhe makina, mayi?"

"Mbwenu batani lililonse, bwana."

A Mbewe anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anatembenuka nataipa mwaulemu wonse kuti "Ndadzuka bwino". Chilembo choyamba chokha ndicho chinamasula makina. Mizere ya Kezia inathamanga, C inaoneka, ndipo zilembo zotsalazo makina anazitenga ngati lamulo, nayankha m'Chizungu kuti lamulo lotero sakulidziwa.

"Mwaona," anatero a Mbewe. "Amafunsa za moyo wako koma yankho samva. Ndendende apongozi anga."

Rute anathawira panja atagwira pakamwa, ndipo ngakhale a Tembo mapewa anagwedezeka.

A Mbewe anapatsa Kezia zosintha za nyengo imeneyo kuti azitaipe iwo akuona. Anataipa, naitana kompaila, ndipo inagaya bwinobwino popanda kudandaula. Kenako a Mbewe anatsekula fayilo ija naiwerenga. Anati mizere ya PATH ndi SET ili bwino, palibe chokonza. Koma za moni anamudzudzula, ndipo anali ndi chifukwa. Kuika chodikira chobisika pamwamba pa zonse, anatero, kuli ngati kutseka khola n'kupita ndi kiyi. Tsiku limene Kezia wadwala, kapena kwabwera munthu wachilendo, makina aoneka ngati afa, monga zinachitikira lero. Kezia anavomera. Cholakwacho chinali chake, ngakhale kuti amene anachiyambitsa anali ataimabe phee ngati sizikuwakhudza.

A Mbewe anafuna kuti moni uchotsedwe wonse. Apa ndi pamene a Tembo anatsitsa maso kuchoka kudenga, nachonderera ngati akupepesera mwana wawo. Anamvana kuti moni utsike ukhale pa mzere womaliza, ndipo PAUSE achoke. Kezia anakonza pomwepo, nazimitsa, nayatsa. Makina anadzimangira okha goli, napereka moni, C n'kuonekera osadikira munthu. Dalaivala anapinda bulangete lake nabwerera nalo m'galimoto lopanda kanthu.

Kezia anakhala pampando umenewo mpaka ntchito yoyesa mbewu ija inatha, ndipo ana ake anamaliza sukulu pa boma pomwepo. A Tembo sanasiye kuvula chipewa ndi kuyankha moni m'mawa uliwonse, koma ankamaliza makina atayamba kale ntchito. Kwa aliyense wofunsa ankadandaula kuti anali makina olongosoka, koma atengera khalidwe la ku Lilongwe.