Khonde lakuda la amayi

Kwathu ku Nsaru, mlendo akafunsa nyumba ya amayi anga, anthu sankavutika n'kulongosola njira. Ankangomuuza kuti apite pakhonde lakuda. Ndipo linali lakuda zedi, lonyezimira ngati nsapato ya aphunzitsi Lolemba m'mawa. Azimayi ena ankazira ndi dothi la kudambo lokha, makonde awo n'kutuluka otuwa. Amayi anali ndi chinsinsi chawo, chinsinsi chake chodziwika mudzi wonse: mabatire akutha.

Batire la wailesi kapena la tochi likatha, munthu sankataya, ankapititsa kwa amayi. Ngakhale bambo wina wa golosale pamsika ankawasungira m'katoni, n'kumawaitana akamadutsa kuti katundu wawo wachuluka. Amayi ankakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumaswa mabatirewo ndi mwala, kukokolola zakuda za m'kati zija, kuzipera, kenako kusakaniza ndi dothi ndi madzi m'beseni lakale. Ankazira ndi manja atagwada, akubwerera chammbuyo. Likayamba kuuma ankalisalaza ndi mwala wa kumtsinje mpaka thukuta kamukamu. Nkhuku yoponda pakhondepo tsiku limenelo inkatukwanidwa mpaka agogo ake. Ife ana awo tonse tinakwawira pamenepo.

Nditakwatiwa ndinakakhala ku Chinsapo, mumzinda wa Lilongwe. Kumeneko azimayi a kumpingo tinali ndi kagulu kotolera zinthu zamagetsi zakufa: mafoni, matchaja, timasola tosweka, mabatire. Loweruka lina pamwezi tinkayenda khomo ndi khomo ndi matumba, kenako galimoto ya anthu odziwa kuphwasula zinthuzo inkabwera kudzatenga. Ndisaname, ine ndinalowamo chifukwa cha macheza. Koma tsiku lina mayi wina wa zaumoyo anabwera kudzatiphunzitsa. Anati batire osaswa, osawotcha, osaponya m'chimbudzi, chifukwa zakuda za m'katimo ndi mankhwala oipa, makamaka kwa mwana wokwawa amene chilichonse amathamangira nacho kukamwa. Anzanga ankagwedeza mitu. Ine maganizo anathamangira kukhonde la amayi, chifukwa mwana wanga woyamba anali kumsana, ndipo mwezi wotsatira ndinali ndi ulendo wokamuonetsa kumudzi.

Tinapita anthu atakolola. Minibasi inatisiya pa Nsaru, kabaza n'kutifikitsa pakhomo. Khonde ndinaliona ndili patali. Amayi anali atalizira kawiri sabata imeneyo chifukwa cha mdzukulu wawoyo, ndipo mphasa anaiyala pambali dala kuti isabise ntchito yawo. Azimayi oyandikana nawo anali atadzaza pabwalo. Titapatsana moni, amayi anandiuza kuti ndimasule mwanayo akwawe pamene anakwawira amake.

Ndinati wagona. Sanagone, maso anali gwa. Ndinati ali ndi chimfine. Amayi anaseka, nati chimfine sichiopa khonde. Tsono ine ndili ndi vuto limene amuna anga amalidziwa bwino: ndikapanikizika, pakamwa pamathamanga kusiya mutu kumbuyo. Ndinalankhula mokweza, anthu onse akumva.

"Amayi, mwana wanga sindimuika apa. Khonde lanuli ndi poizoni."

Mayi wina anaseka, wina anati ana a m'tauni akaphunzira pang'ono amavuta. Ine m'malo mokhala chete ndinapitiriza kulalikira zonse za mayi wa zaumoyo uja, ngati ndili pamsonkhano. Amayi anayang'ana khonde lawo, anayang'ana m'manja mwawo, n'kudzuka kukathirira alendo madzi osamba.

Masiku awiri mwana sanaponde pansi. Akachoka kumsana kwanga ankapita pabedi. Amayi ankamunyamula ataimirira kapena atakhala pampando, ndipo akafuna kutsetsereka kuti akwawe, iwo eni ankamubweza msanga. Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandipweteka. Ndimawadziwa amayi anga, munthu wotha kukalipira mbuzi ola lathunthu. Ndinkalakalaka atanditukwana kuti nanenso ndiyankhe, nkhani ithe.

Tsiku lachitatu masana tinkaswa mtedza pansi pa mtengo, awiriwiri. Anayamba ndi kufunsa za kagulu kathu, kuti mabatirewo amapita nawo kuti, nanga amatilipira. Ndinati ayi, timangothandiza. Anati ndiye iwo anayamba kalekale ntchito imeneyo, ife tikungowatsanzira, kungoti iwo analibe galimoto. Ndinaseka, ndikuti basi mtima wawo watsika. Kenako, osandiyang'ana, anafunsa.

"Ndiye nonsenu ndinakukwawitsani pa poizoni, eti? Nanga mng'ono wako uja, kodi ndine?"

Ndinali ndi mng'ono wanga amene anamwalira asanayambe kuyenda, ine ndili wamng'ono. Pakhomo pathu sankatchulidwa. Masiku awiri onsewo ine ndinkaganiza kuti amayi akulira khonde lawo ndi manyazi amene ndinawachititsa pagulu, osadziwa kuti mawu anga anakafukula manda. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Ndinawauza kuti ayi, anali malungo, achipatala ananena, ngakhale abambo ankanena zomwezo. Ndinabwereza katatu ndikulira, ndagwira dzanja lawo lokhakhala lija. Ndinati tationani ife, tonse tinakula, ine mpaka kunenepa chonchi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, nati kunenepako n'zoona. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kupitiriza kuswa mtedza.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi kulira kwa khasu pakhomo penipeni. Nditatuluka ndinapeza amayi akugumula khonde. Dothi linkatuluka m'magawomagawo, lakuda pamwamba pa lakuda, la zaka zonse zimene akhala pamudzipo. Ndinawagwira mkono, ndinati sizinafike pamenepo, tikhoza kungoyala mphasa ziwiri. Anati mwana wokwawa sadziwa malire a mphasa, ndisiye kuyankhula nditenge ndowa.

Tinatuta tsiku lonse. Anafunsa ngati anthu a galimoto aja amatenganso dothi, ndinati ayi. Ndiye tinakumba dzenje kuseri kwa mabulugama, kutali ndi chitsime, n'kukwirira. Mabatire osaswa amene anatsala kunkhokwe anawamanga m'thumba la feteleza n'kuika pafupi ndi chikwama changa, kuti ndikapatse anzangawo, ndipo ndikawauze kuti ena azibwera, bambo wa golosale uja asataye katoni yake. Tsiku linalo tinapita kudambo kukatenga dothi lina. Ine kusenza ndinali nditaiwala, khosi linkangonjenjemera, amayi akundiseka njira yonse kuti m'tauni anandidyetsa mabanzi okhaokha.

Anazira okha, sanalole kuti ndigwireko. Khonde linatuluka lotuwa ngati la wina aliyense. Azimayi odutsa ankaima, kuyang'ana, n'kufunsa ngati pakhomo pali bwino. Amayi ankati pali bwino, n'kupitiriza kusalaza ndi mwala wawo, ngakhale ankadziwa kuti dothi limeneli silinyezimira. Ine zinandimvetsa chisoni kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinali nditapambana mlandu, koma ndinkalephera kuyang'ana pakhondepo.

Litauma, sanandifunse. Anabwera kumbuyo kwanga, anamasula mbereko, anatenga mwanayo n'kumukhazika pakati pa khonde. Mwana anayamba wakhala kaye, kenako anamenya pansi ndi tizikhatho take, n'kuyamba kukwawa kulunjika kumene kunali agogo ake. Ali pakati anaima, anakanda pansi ndi chala, n'kuchiponya m'kamwa. Ine ndinadzuka kuti ndimuchotse. Amayi ananditchinga ndi mkono.

"Musiye adye. Limeneli ndi dothi lokhalokha."